Kutsatsa malonda kudzera mwa opanga makanema a pa intaneti: zoyenera kuchita musanatumize ndalama

Funso ili limabwera pafupifupi sabata iliyonse, kuchokera kwa eni masaluni, malesitilanti, ogulitsa zovala, ngakhalenso a malo ogona alendo kunyanja: "Ndikufuna mnyamata uja wa pa TikTok anditsatsire malonda, ndiyambire pati, nanga ndimulipire zingati?" Ena amabwera madzi atafika kale m'khosi. Ndalama zinapita pa Airtel Money, kanema anatuluka, anthu anaseka n'kulayika, koma pashopu sipanafike ndi mmodzi yemwe. Ndalemba zonse pano kamodzi kuti wofunsa azingowerenga.

Tiyambe tamvana mayina. Amene ambiri amawatchula kuti ma content creator ndi anthu opanga makanema, zithunzi kapena zolemba n'kumaika pa Facebook, TikTok, Instagram kapena YouTube: azisudzo, ophika, okamba za mpira, oonetsa mavalidwe, alimi oonetsa za kumunda. Influencer ndi uja amene akanena, omutsatira amanyamuka n'kukagula. Si onse opanga makanema ali ndi mphamvu imeneyo. Wina amaseketsa dziko lonse, koma akati "gulani sopo uyu" palibe amasuntha.

1. Sankhani chinthu chimodzi choti chigulitsidwe

Musapite kwa wopanga makanema ndi mawu akuti "ndikufuna bizinesi yanga idziwike". Mawu amenewo sayezeka, ndipo pamapeto simudzadziwa ngati ndalama yanu yagwira ntchito. Tchulani katundu mmodzi, mtengo wake, ndi chimene woonera achite akamaliza kuonera: atumize uthenga pa WhatsApp, aimbe foni, kapena abwere pashopu Loweruka. Wa saluni asankhe malukidwe amodzi a tsitsi. Wa lesitilanti asankhe mbale imodzi, mwina chambo ndi nsima ya masana. Kanema wa masekondi 45 sangasenze shopu yonse.

Onaninso nyengo. Anthu a pa ntchito amagula akalandira kumapeto kwa mwezi. Yunifolomu, zikwama ndi nsapato zimayenda sukulu zikamatsegulira mu September. Zitenje ndi makeke zimayenda pokonzekera tsiku la amayi pa 15 October, ndipo nthawi imeneyo aliyense amafuna opanga makanema omwewo, choncho lankhulani nawo kukadali milungu itatu kapena inayi.

2. Konzani pakhomo panu alendo asanabwere

Apa m'pamene ambiri amataya ndalama osadziwa. Kanema akagunda bwino, mauthenga ambiri amabwera m'maola oyamba ndi tsiku lotsatira. Mukakhala kuti foni yathima chifukwa magetsi kulibe, bandulo yatha, kapena woyankha wapita ku maliro, anthu aja sadikira. Amakagula kwina.

Ikani WhatsApp Business pa nambala ya bizinesi, osati yanu ya kunyumba. Lowetsani katundu ndi mitengo mu catalogue, ndiko kuti kabuku ka zithunzi za malonda kamene kali mu pulogalamuyi, ndipo konzeranitu mayankho a mafunso atatu amene adzabwere kambirimbiri: ndi zingati, muli pati, mumatumiza bwanji. Khalani ndi nambala ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba, komanso akaunti ya kubanki. Dziwiranitu mtengo wotumizira katundu ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku Mangochi, ndipo mukhale ndi wa kabaza wodalirika wa m'tauni momwemo. Werengani katundu amene muli naye. Ngati mwatsala ndi madiresi asanu ndi atatu, musatsatse kaye. Kuuza anthu makumi atatu kuti "zatha" kumaononga dzina kuposa kusatsatsa n'komwe.

3. Sankhani munthu, osati chiwerengero cha omutsatira

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Peji ya anthu 300,000 ikhoza kukhala ya otsatira ochita kugulidwa ndi ndalama, kapena anthu amene anailayika zaka zisanu zapitazo n'kuiwala. Chimene mukugula ndi maso a anthu amene angafike pamalonda anu.

Tsegulani makanema ake khumi omaliza, mulembe chiwerengero cha oonera aliyense. Chotsani mmodzi amene anaphulika kwambiri ndi mmodzi amene anagwa kwambiri, otsalawo ndiwo akuuzeni zoona. Kenako funafunani makanema amene anatsatsapo malonda a ena. Kawirikawiri amenewa amaoneredwa mochepa kusiyana ndi nthabwala zake za masiku onse, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chanu. Werengani makomenti. Mukaona anthu akufunsa kuti "zingati?" kapena "ku Lilongwe mukupezeka pati?", ameneyo amagulitsa. Mukaona timitima ndi timoto tokhatokha, kapena mayina achilendo olemba mawu amodzimodzi, samalani.

Mupempheni akuonetseni ma insights, ndiko kuti tsamba la m'kati mwa akaunti yake limene limaonetsa kuti omuonera ali dziko liti, ndi a zaka zingati, amuna kapena akazi. Pa Facebook ndi Instagram limatchula ndi mizinda yomwe. Sikirinishoti imasinthika mosavuta, ndiye ndi bwino atsegule foni pamaso panu kapena ajambule kanema wa sikirini akutsegula tsambalo. Malonda ndi m'maso. Nkhani ya malo ndi yaikulu kuno kwathu, chifukwa azisudzo ambiri amaoneredwa kwambiri ndi abale athu okhala ku Joni ndi maiko ena. Ngati mumagulitsa nkhuku zootcha ku Area 25, woonera wa ku Johannesburg sakuthandizani. Koma ngati mumagulitsa mapuloti, simenti, malata kapena mumatumiza makeke kwa makolo kuno kumudzi, ameneyo ndiye kasitomala weniweni.

Chilankhulo nachonso chiganizireni. Malonda a ku Mzuzu ndi Karonga amamveka mokoma mwa munthu wolankhula Chitumbuka, a ku Mangochi ndi Machinga mwa wodziwa Chiyao. Kwa geni yaing'ono, mtsikana wa omutsatira 8,000 amene ambiri ndi a m'tauni yanu amaposa katswiri wodziwika dziko lonse, ndipo mtengo wake mungaukwanitse.

Pomaliza, yendani pa peji yake miyezi itatu m'mbuyo. Amatukwana? Amakangana ndi anzake poyera? Walowerera ndale za chipani? Sabata yatha ankatsatsa mnzanu wogulitsa zofanana ndi zanu? Zimene amachita zidzamatirira pa dzina lanu.

Chenjezo lina: pali maakaunti abodza otengera mayina ndi zithunzi za anthu otchuka. Musatumize ndalama musanalankhule naye pa video call kapena kukumana naye, ndipo dzina lotuluka potumiza ndalama lifanane ndi la munthu amene mwapangana naye kapena manijala amene iye mwini wakutchulirani.

4. Mulembereni uthenga womveka

"Bho, timafuna tigwire ntchito limodzi" si uthenga. Anthu awa amalandira ambiri otere ndipo sayankha. Nenani dzina la bizinesi, kumene muli, katundu, chimene mukufuna, ndi masiku. Mwachitsanzo: "Muli bwanji achemwali. Ndife saluni ya ku Chilomoni. Tikufuna kanema mmodzi pa TikTok ndi pa Facebook woonetsa malukidwe athu atsopano, atuluke pakati pa 25 ndi 28 mwezi uno. Tingaone nawo mitengo yanu?" Ambiri okhazikika ali ndi rate card, pepala la mitengo ya ntchito zawo. Ndi poyambira kukambirana, si mawu omaliza.

5. Mtengo ndi pangano

Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha, ndipo milandu yonse imabadwira pano.

Musanamve mtengo wake, dziwani wanu. Tiyerekeze kuti akufuna K200,000, katundu amene mumupatse ndi wa K30,000, thiransipoti ndi bandulo K20,000. Zonse ndi K250,000. Ngati pa chinthu chimodzi mumapindula K5,000, muyenera kugulitsa zinthu 50 zoonjezera pa zimene mumagulitsa kale kuti ndalama ingobwerera. Dzifunseni moona mtima: katundu 50 ndili naye? Anthu 50 angabwere kuchokera mwa oonera ake? Ngati yankho ndi ayi, funani wotsika mtengo kapena dikirani. Amene makasitomala awo amabwerabwera, monga a saluni ndi a lesitilanti, akhoza kuwerengera phindu la maulendo awiri kapena atatu, koma osapitirira pamenepo n'kumadzinamiza.

Poyerekeza anthu awiri, gawani mtengo ndi oonera a makanema ake otsatsa malonda aja. Wofuna K300,000 amene amaoneredwa ndi anthu 20,000 akukudyerani K15 pa woonera mmodzi. Wofuna K80,000 amene amaoneredwa ndi 10,000 ndi K8. Kenako funsani kuti mwa oonerawo, a dera lanu ndi angati.

Malipiro ali mitundu inayi. Woyamba ndi ndalama yokhazikika pa kanema aliyense, ndipo ndi wosavuta kutsata. Wachiwiri ndi kulipira ndi katundu: chakudya, chovala, kugona usiku umodzi pamalo anu. Zimenezi zimatheka kwa ongoyamba kumene, koma musazitenge ngati mphatso yopanda mawu. Nenani poyera kuti diresi ili ndi malipiro a kanema mmodzi wotuluka tsiku lakuti, apo ayi adzavala n'kukhala chete, inu n'kumadandaula mumtima. Ndipo kwa munthu amene amadya za ntchito imeneyi, wolipira wojambula, wolumikiza kanema ndi bandulo, kumupatsa mbale ya chips ngati malipiro ndi chipongwe. Wachitatu ndi komishoni pa chilichonse chogulidwa. Eni mabizinesi amaukonda, koma opanga makanema ambiri amakana chifukwa mabuku ali m'manja mwanu, iwo sangaone. Chimene chimayenda bwino ndi kuphatikiza: ndalama yochepa yokhazikika, kuonjezapo komishoni imene nonse mungathe kuiwerenga. Wachinayi ndi wa pamwezi, pamene munthuyo amakhala kazembe wa bizinesi yanu. Musayambire pamenepa. Yambani ndi kanema mmodzi kapena awiri, muone kagwiridwe kake.

Musalipire zonse ntchito isanachitike, komanso musayembekezere kuti ajambule musanapereke kalikonse. Theka poyamba, theka kanema akatuluka, ndiyo njira imene imateteza onse awiri. Sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita.

Tsopano lembani pangano. Silifunika loya ngati ndalama ndi yochepa. Tsamba limodzi losainirana likwanira, ngakhalenso uthenga umodzi wa pa WhatsApp wokhala ndi mfundo zonse, iye n'kuyankha kuti "ndavomera". Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limazindikira mauthenga otere, koma ma voice note khumi omwazikana ndi ovuta kuwatsata pakabuka mkangano. Mulembe izi:

Ntchito yeniyeni. Makanema angati, otalika bwanji, pa tsamba liti. "Positi imodzi" ikhoza kutanthauza kanema wa pa peji, koma ikhozanso kutanthauza status kapena story imene imafufutika pakatha maola 24. Ambiri alira nazo zimenezi. Lembani kuti kanema akhale pa peji masiku osachepera 30, kapena asachotsedwe n'komwe.

Tsiku ndi ola lotulutsa, komanso tsiku loti akutumizireni muone kaye. Lembani kuti mungapemphe kukonza kangati. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Kujambulanso chifukwa inu mwasintha maganizo kuli ndi mtengo wake.

Mwini kanema ndani. Apa imani pang'ono. Ambiri amaganiza kuti akalipira, kanema ndi wawo, angamuike pa peji yawo, kumubusta (kulipira Facebook kapena Instagram kuti imuonetse kwa anthu ambiri) chaka chonse, kudula nkhope ya munthuyo n'kuisindikiza pa chikwangwani cha pamsewu wa Chipembere. Wopanga kanema naye amaganiza kuti anagulitsa positi imodzi yokha pa peji yake. Onse awiri amakhala akunena zoona za mumtima mwawo, chifukwa sanakambirane. Ndiye lembani mosabisa: kodi mungaike kanemayo pa masamba anu? Kwa miyezi ingati? Mungamubuste? Mungatengemo chithunzi cha pa kalendala, pa chikwangwani, kapena mawu a pa wailesi? Chilichonse mwa izi ndi chilolezo chapadera, ndipo n'chachilungamo kuti mtengo ukwere mukafuna zambiri, poti nkhope ya munthu ikakhala pa chikwangwani chanu, ena ogulitsa zofanana sangamulembenso ntchito. Mupemphenso akutumizireni kanema weniweni ngati document (fayilo yathunthu) pa WhatsApp, chifukwa wotsitsa pa TikTok amabwera ndi chidindo, ndipo wotumiza mwachizolowezi pa WhatsApp amafika atafooka.

Opikisana nanu. Ngati simukufuna kuti mawa atsatse saluni yoyandikana nanu, lembani kuti kwa masiku 30 asatsatse saluni ina. Tchulani mtundu wa malonda ndi masiku. Kumuletsa kugwira ntchito ndi wina aliyense kwa chaka pa malipiro a kanema mmodzi n'kumudyera masuku pamutu, ndipo sadzasunga.

Zikavuta. Akapanda kutulutsa pa tsiku lake, dipoziti ibwerera pakatha masiku angati? Inu mukasintha maganizo atajambula kale, asunga zingati? Akagwa m'nkhani yochititsa manyazi, muli ndi ufulu womuuza achotse kanema?

Msonkho. Kampani yolembetsedwa imayenera kudula withholding tax, msonkho wochotsa musanamulipire munthu, pa malipiro ena n'kupereka ku MRA. Funsani akauntanti wanu, mupemphe wopanga kanemayo TPIN (nambala yake ya msonkho) ndi invoyisi, ndipo mumuuziretu munthuyo ngati mtengo mwagwirizanawo ndi wodula kale kapena ayi. Kulandira ndalama yoperewera mosayembekezera kwathetsa maubale ambiri.

Pangano la miyezi yambiri likhale ndi mawu oti mtengo muziuonanso pakatha miyezi itatu iliyonse. Amene anasainirana chaka chathunthu kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023 anaona mmene ndalama yogwirizana imasungunukira.

6. Muuzeni mfundo, musamulembere mawu

Mupatseni pepala lalifupi: dzina la katundu ndi katchulidwe kake, mtengo, malo ndi chizindikiro chodziwika chapafupi, nambala, mfundo ziwiri zoti zisasowe, ndi zimene asanene. Zotsalazo musiyireni. Anthu amamutsatira chifukwa cha kalankhulidwe kake, ndipo akangoyamba kuwerenga Chingerezi cha mu ofesi yanu, amadziwa n'kudutsa. Chimodzi chokha umirirani: katundu aoneke kapena atchulidwe koyambirira. Sewero la mphindi zitatu limene dzina lanu likubwera kumapeto, ambiri amakhala atachoka kale. Katunduyo amugwiritse ntchito masiku angapo asanajambule, kuti zimene akunena zikhale zimene waona.

7. Zimene zingakuikeni m'mavuto

Anene poyera kuti ndi malonda. Facebook, Instagram ndi TikTok zili ndi batani loonetsa kuti positi ndi yolipiridwa, ndipo malamulo awo amafuna kuti ligwiritsidwe ntchito. Omutsatira akazindikira okha kuti anabisa, amasiya kumukhulupirira, ndi inu nomwe.

Asanene bodza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a kutsatsa konamiza anthu, ndipo wofunsidwa woyamba ndi mwini malonda. Mawu ngati "amachiza shuga" kapena "muonda m'sabata imodzi" asatuluke. Za mankhwala zili pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo musanene kuti katundu ndi wovomerezeka ndi Malawi Bureau of Standards ngati mulibe chiphaso chake.

Nyimbo nazo zili ndi eni. Nyimbo yotchuka imene aliyense akuvina pa TikTok si yaulere ikalowa m'malonda. Kanema akhoza kutsekedwa mawu, kapena woimba kukutsatani. TikTok ili ndi gulu la nyimbo zololedwa pa malonda, ndipo ngati mukufuna ya woimba wa kuno, pemphani chilolezo kwa mwini wake kapena funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Makasitomala ndi antchito anu asajambulidwe osavomera, ndipo ana pafunika chilolezo cha makolo.

8. Onani kanema asanatuluke

Muonereni pafoni, osati pakompyuta, kamodzi ndi mawu, kamodzi opanda mawu. Yang'anani nambala ya foni manambala onse khumi, mtengo, ndi kalembedwe ka dzina. Nambala ikhale yolembedwa pakanema penipeni komanso m'mawu a pansi, isabisike kuseri kwa mabatani a m'mbali. Konzani zolakwika zokha. Nthabwala imene inu simunaseke mwina ndi imene omutsatira amaikonda.

9. Werengani amene abwera

Malayiki sagula ufa. Ngakhale chiwerengero cha oonera chimanyenga, poti TikTok imawerenga munthu kanema akangoyamba, ngakhale adutse pompo. Choncho konzani njira yanuyanu yowerengera. Yosavuta ndi mawu achinsinsi: wopanga kanema anene kuti "mukatchula dzina langa akuchotserani K1,000". Ina ndi linki ya wa.me yotsegula WhatsApp yanu ndi uthenga wolembedwa kale wotchula dzina lake. Pashopu ikani kope, wogulitsa azifunsa aliyense wachilendo kuti "mwatimvera kuti?" n'kulemba. Lembaninso malonda a milungu iwiri kanema asanatuluke, kuti mukhale ndi poyerekeza.

Tsiku lotulutsa khalani pa makomenti ndi akaunti ya bizinesi, muziyankha mitengo poyera. Yankho la "inbox" pa funso la mtengo limathamangitsa anthu. Mukaona nambala yachilendo ikuyankha makasitomala anu ngati ndinu, chenjezani anthu msanga ndipo muuze mwini peji aichotse, chifukwa akuba amadikirira pa mapositi oterewa.

Pakatha masiku asanu ndi awiri, mupempheni ma insights a kanemayo: anafikira anthu angati, anaonera masekondi angati, anagawana kangati. Ikani pambali pa kope lanu. Oonera ambiri koma mauthenga ochepa, ndiye kuti anthu ake si anu, kapena kanema sananene choti achite. Mauthenga ambiri koma ogula ochepa, vuto lili kwa inu: mtengo, kuchedwa kuyankha, kapena mtengo wotumizira. Zikatero musamunene munthu wa eni.

10. Kubusta ndi kupitiriza

Kubusta ndi kulipira Facebook kapena Instagram kuti ionetse kanema kwa anthu ambiri a dera ndi zaka zimene mwasankha. Bustani kanema amene waonetsa kale kuti akubweretsa mauthenga, osati wakufa pofuna kumudzutsa. Pamafunika khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, funsani kaye kubanki yanu ngati khadilo lidutse komanso malire ake. Sankhani tauni yanu yokha, yambani ndi ndalama yochepa kwa masiku atatu kapena anayi, muone mtengo wa uthenga umodzi musanaonjezere. Wina akamakuthandizani kubusta, musamupatse pasiwedi. Muonjezereni pa peji kudzera mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera mapeji a Facebook ndi Instagram, ntchito ikatha mumuchotse.

Ngati masamu atuluka bwino, malizani malipiro tsiku lomwe munalonjeza, mumuuze kuti anabwera anthu angati, ndipo mupangane makanema atatu otsatira, motalikirana milungu iwiri kapena itatu, aliyense ndi katundu wake ndi mawu ake achinsinsi. Mukafuna kuyesa munthu wachiwiri, musawatulutse sabata imodzi, chifukwa m'kope simudzasiyanitsa kuti kasitomala uyu anabwera ndi ndani.